Tinagwirizana

Ndine mlembi wa kalabu ya mpunga ku Muona.
Buku langa n'lachikuto chofiira, lopindika m'makona
ndi thukuta la Okutobala,
ndipo mawu amene ndalembamo kwambiri
ndi amodzi okha: tinagwirizana.

Lachiwiri lija tinakhala m'kalasi ya ana,
mawondo atatifika pachifuwa,
malata akuthetheka ndi dzuwa.
Nkhani inali ya ndalama zotsala m'thumba:
tikonzere khoma la ngalande kumtunda,
kapena tigule njinga yamoto ya ofesi?

A Dinyero, apampando, anatsegula ndi pemphero lalitali,
ndipo m'pempheromo njinga inali italira kale.

Msungichuma ndiye anayamba.
Anati khoma laima zaka khumi ndi ziwiri,
lingasankhe bwanji chaka chino kuti ligwe?
Mutu umodzi unagwedera.
Woyamba ukagwedera, inayo sivuta,
imangoweramira komweko ngati mabango a m'dambo.

Mai Nyathando anakweza dzanja, kulekeza paphewa.
Munda wawo ndi wogundana ndi khomalo,
ming'alu yake amaidziwa ngati ya kuzidendene zawo.
Anati, "Nkhanu zaboola pansi.
M'mawa dothi limakhala lonyowa, mvula isanagwe."
Wina anayang'ana wotchi.
Wina anadzipepesa ndi chipewa.
A Dinyero anati, "Mfundo yabwino, mayi,
tiiona pa zina ndi zina."
Zina ndi zina sizinafike.
Kunafika zakumwa ndi mabanzi.

Khomalo inenso ndinaliona.
Ndinapondapo sabata yathayo, phazi n'kulowa mpaka m'kakolo.
Koma dzina langa lili pamndandanda wa ngongole ya fetereza,
ndipo amasaina ndi a Dinyero.
Ndinagwedeza cholembera ngati chatha inki.

Pobwerera, Alufandika anandinong'oneza,
"Ine njinga sindinaifune,
koma ndimayesa ndili ndekha."
Zuze ananena zomwezo kumjigo m'mawa mwake.
Ndinawerenga pazala.
Tinalimo khumi ndi mmodzi m'chipinda muja,
asanu ndi awiri tinali ndi "ayi" wathu m'thumba,
aliyense atamufumbata,
kudikira kuti mnzake atulutse kaye wake.

Usiku, pakuwala kwa foni, ndinakopera mwaukhondo:
Mfundo yachitatu.
Titakambirana mokwanira, tinagwirizana.

Januwale, Thangadzi anabwera usiku osaodira.
Analowera pomwe panalowera nkhanu.
Kutacha, mpunga wa Mai Nyathando unali pansi pa mchenga,
wa Zuze, wanga, mpaka kumsewu.
Njinga inali pakhonde la ofesi,
matope atafika pachishalo,
pulasitiki ya kusitolo ikadali pagalasi.

Tinakumananso m'kalasi momwemo,
mzere wa madzi ukuoneka pansi pa bolodi.
Apampando anafunsa modandaula, ndipo sankanamizira,
"Abale, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona?"
Anati mlembi awerenge za msonkhano wapita.
Ndinaimirira n'kuwerenga.
Nkhanu munalibe.
Dzanja lolekeza paphewa munalibe.
Buku linati tonse,
ndi zilembo zanga zopendekera kumanja.

Mai Nyathando sanayankhe.
Ankachotsa matope m'zikhadabo ndi kamtengo ka machesi,
chala chimodzi chimodzi, osafulumira.

Msungichuma anati tisankhe kakomiti
kofufuza chimene chinachitika,
ndipo a Dinyero, poti amadziwa zambiri, akatsogolere.
Mutu umodzi unagwedera.
Wachiwiri.
"Alipo wotsutsa?"

Kunja mbuzi inkanyambita mchere pakhoma.
Ndinamva ngongole yanga ikundikoka malaya,
ndinamva mwana wanga akufunsa za fizi.
Dzanja langa linachoka pabondo
lolemera ngati thumba la mpunga wonyowa,
cholembera chikadali m'kati,
linafika paphewa,
linapitirira.

Chipinda chonse chinatembenuka.
Mai Nyathando anasiya kamtengo kaja.
Kumbuyo, pafupi ndi zenera,
Alufandika anayamba kukonza pakhosi.